Camper pa Hilux ndi ulendo wa Disembala: yambani pa sikelo, achimwene

Kalata ya sabata ino yachokera ku Kempton Park, ku Joni. Eni ake apempha kuti dzina lisatchulidwe, ndiye ndingowatcha achimwene. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndili ndi Toyota Hilux ya double cab, 2.8 ya dizilo, 4x4, yomwe ndimagwirira ntchito yanga ya mapaipi. Mwezi watha ndagula camper (kanyumba kokweza pa bodi ya galimoto) yogwirapo kale ntchito, ya aluminiyamu, ija denga lake limatukuka n'kukhala pogona. Disembala ndikufuna kupita kwathu ku Nkhata Bay ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, kenako tikaone ku Nyika. Ndasunga R60,000. Ndikufuna sola, firiji, thanki ya madzi ya malita 100, madilowa, bull bar ndi winch, matayala akuluakulu, kukweza galimoto, ndi shawa ya madzi otentha. Ndiyambire pati?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Musagule chilichonse pa mndandandawu musanapite pa sikelo.

Yang'anani disiki ya laisensi pa galasi lakutsogolo. Pali manambala awiri: GVM, komwe ndi kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kufika itanyamula, ndi tare, kulemera kwake ilibe kanthu. Mukachotsera yaing'ono pa yaikulu, chotsalacho ndiye malo anu onse osewererapo. Ma double cab ambiri a msinkhu wa Hilux, Ranger ndi D-Max amatsala ndi makilogalamu pakati pa 800 ndi 1,000. Nambala yanu yeniyeni ili pa disikipo, koma tiyeni titenge 800 tione mmene amathera.

Tare ya ku South Africa siwerengera mafuta. Thanki ya Hilux imalowa malita 80, ndipo dizilo wochuluka choncho amalemera makilogalamu pafupifupi 67. Inu, mayi ndi ana awiri, tinene 220. Camper ya aluminiyamu ya denga lotukuka, ngati zimene amapanga a Alu-Cab ku Cape Town, imapitirira 200 isanaikidwemo kalikonse. Yanuyo mwini wake woyamba ayenera kuti anakhomeramo zakezake, ndiye tiike 250. Mwatsala ndi 263. Tsopano bweretsani mndandanda uja. Bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo, ndi winch, makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira, pafupifupi 95. Madzi malita 100 ndi makilogalamu 100, thanki yake ina 10. Firiji ndi zam'kati mwake, 55. Madilowa, 70. Batire lachiwiri la AGM (la mtovu, lotsekeratu), 30. Zonse pamodzi 360. Mwadutsa malire ndi pafupifupi 100, pomwe simunakweze ngakhale poto mmodzi, zovala, mipando, botolo la gasi, masipanala kapena chakudya.

Ndiye pali katundu wina amene simunamulembe m'kalata, koma tonse tikumudziwa. Munthu wochokera ku Joni safika kumudzi pa Khirisimasi chimanjamanja. Mafuta ophikira, shuga, sopo, mabulangete, njinga ya mphwanu, ndi "kaphukusi kakang'ono" ka mnzanu wa ku tchalitchi komwe pobwera nako amanyamula anthu awiri. Pobwerera nakonso mayi anu sangakuloleni kunyamuka popanda thumba la mpunga ndi ufa wa kondowole. Makanema a pa YouTube amene amatikopa ambiri ndi a ku America, kumene camper za Lance amazikweza pa Ford F-350 kapena Ram 3500, magalimoto oti ena amanyamula matani awiri n'kupitirira, ndipo eni ake alibe azakhali oti awagulire shuga. Camper yanu iyenera kukonzedwa ndi malo opanda kanthu mwadala. Ine ndinganene kuti musiye makilogalamu 150 ndi theka la pansi pa bodi, osakhomapo chilichonse.

Sikelo ya magalimoto muipeza kumalo ogula zitsulo zakale, kotayira zinyalala kwa khonsolo, ndi kumalo ambiri oyezera magalimoto. Pitani thanki itadzaza, camper ili pamwamba, banja lili m'kati. Yezani katatu: matayala akutsogolo okha pa sikelo, galimoto yonse, kenako akumbuyo okha. Chifukwa chake n'chakuti kupatula GVM, ekiselo iliyonse ili ndi malire akeake, olembedwa pa kachitsulo ka fakitale ndi m'buku la galimoto. Pa double cab yonyamula camper, ekiselo yakumbuyo ndi imene imayamba kudzaza, GVM isanakwane n'komwe.

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene magalimoto amathyokera. Pa double cab, kabini imadya malo ambiri, moti ekiselo yakumbuyo imakhala chakutsogolo kwa bodi. Gawo lalikulu la bodi limalendewera kuseri kwa matayala. Mwaonapo njinga ya makala ikukwera chitunda, matumba atamangidwa kumapeto kwa keliyala, tayala lakutsogolo likungonyambita pansi? Zimenezo. Mtunda wa pakati pa maekiselo a Hilux ndi mamilimita 3,085. Mukaika makilogalamu 100 mita imodzi kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, ekiseloyo imamva 132, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 32. Chiwongolero chimayamba kuyandama, magetsi amaloza m'mwamba, mabuleki amachedwa kugwira. Mukadumpha bampu kapena dzenje pa liwiro, kulemera kwa kumbuyoko kumakanikiza chasisi pakati pa kabini ndi bodi. Galimoto yoteroyo imadziwika ndi maso: mpata wa pakati pa kabini ndi bodi umakula m'mwamba, pansi uli wothina. Ku Australia, kumene amakonda kudzaza ma double cab, zithunzi za chasisi chopindika si zachilendo. Lamulo lake n'losavuta: zolemera zonse, madzi, batire, masipanala, zikhale pansi ndipo zitsamire kabini. Cha ku chitseko cha bodi kukhale zofunda, mipando ndi mbale. Padenga musaikepo kanthu kolemera.

Za kukweza galimoto, dikirani. Masipuling'i amagulidwa pomaliza, mutadziwa kulemera kumene galimoto izikhala nako tsiku ndi tsiku. A Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Tough Dog amagulitsa masipuling'i akumbuyo malinga ndi katundu wokhazikika, ena a makilogalamu 300, ena oposa apo. Mukagula olimba kwambiri, ndiye mu Januwale n'kutsitsa camper kuti mubwerere ku mapaipi, galimoto izikugwedezani mpaka msana. Ndipo dziwani kuti masipuling'i atsopano sasintha GVM ya pa disiki. Amangoimika galimoto bwino. Mabuleki, ma bearing ndi chasisi ndi zomwe zija. A inshulansi akapeza kuti munadutsa malire pa tsiku la ngozi, ali ndi pothawira. Matumba a mpweya omwe ena amaika pakati pa ekiselo ndi chasisi ine sindiwakonda pa galimoto yonyamula camper m'misewu yoipa. Sipuling'i imagwira chasisi malo awiri otalikirana, pomwe thumba la mpweya limakankha malo amodzi, ndipo likapopedwa kwambiri limabisa vuto: galimoto imaoneka yowongoka pomwe yalemedwa. Zoti ikwere m'mwamba ndi masentimita ambiri, ayi. Camper yakukwezerani kale kulemera m'mwamba, ndipo mukhala mukukhota m'makona a ku Chikangawa ndi otsetsereka ku Nkhata Bay.

Ndalama zanu zoyamba ziwonongereni pa magetsi, chifukwa firiji ndi imene imasintha ulendo wokhala ndi ana. Ya malita 45 mpaka 60 yokhala ndi kompuresa ikukwanirani. National Luna, Engel, SnoMaster ndi Dometic zonse zimapezeka ku Gauteng, ndipo zogwirapo kale ntchito zimagulitsidwa kwambiri. Mabokosi otchipa aja opanda kompuresa asiyeni. Amangotsitsa kutentha pang'ono poyerekeza ndi kunja, ndipo ku Tete, kumene nyengo yotentha imadutsa madigiri 40, mkaka wa mwana sungalimbe. Firiji yotere m'dziko lotentha imadya pafupifupi 40Ah pa tsiku (Ah ndi muyeso wa moto wosungidwa m'batire). Onjezerani magetsi ounikira, mafoni ndi fani, mufika 60Ah. Batire la AGM la 100Ah limakupatsani 50 zokha ngati mukufuna likhalitse, ndipo limalemera pafupifupi makilogalamu 30. La lithium la mtundu wa LiFePO4 la 100Ah limapereka 80 mpaka 90 ndipo limalemera 12 kapena 13. Ndi lodula, inde, koma pa galimoto yomwe kilogalamu iliyonse tikuiwerenga, apa mpoyenera kulipira. Chenjezo lake limodzi: lithium sachajidwa kukazizira kufika pa 0. Disembala mulibe nkhawa, koma mukadzapita ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, mu Juni kapena Julayi, kumene chisanu chimayera pa udzu m'mamawa, dikirani dzuwa likwere musanayambe kuchaja, kapena gulani batire lomwe limadzitsekera lokha kukazizira.

Pakati pa batire la galimoto ndi la camper ikani DC-DC charger, kachipangizo kochajira batire la camper kuchokera ku injini. Ka relay kakale kaja kongolumikiza mabatire awiri sikadzaza lithium bwino, makamaka pa waya wautali kuchokera ku injini mpaka ku bodi, ndipo magalimoto ambiri atsopano amatsitsa mphamvu ya alternator batire loyamba likadzaza. Charger ya 25A kapena 30A, ya Victron kapena Redarc, imadzaza batire la 100Ah m'maola anayi akuyenda. Ulendo wanu ndi wa makilomita oposa 2,000: N1 mpaka Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Calomue kulowera ku Dedza. Masiku onsewo injini ikhala ikuchaja, sola simuifuna. Sola imayamba ntchito mukaima masiku angapo kumudzi kapena kunyanja ku Kande. Ndiye m'malo mokhoma sola padenga, gulani yopinda ya mawati 150 kapena 200 ndi chingwe chachitali. Galimoto iime pamthunzi wa mango, sola ikhale padzuwa. Mukakhoma padenga, mudzakakamizika kuimika nyumba yanu yogona padzuwa tsiku lonse, komanso denga lotukukalo lidzalemera mpaka timapampu take tolitukula tidzatopa. Sankhani charger yokhala ndi MPPT, chowongolera moto wa sola, m'kati kuti musagule zida ziwiri. Ndipo kumbukirani kuti Disembala ndi dzinja. Ku Nkhata Bay mvula siseka, ndipo tsiku la mitambo sola imapereka zochepa kwambiri.

Mawaya ndiwo amawotcha ma camper, osati mabatire. Kuchokera kutsogolo mpaka ku bodi gwiritsani waya wa 16mm², ndipo fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire lililonse, mbali zonse ziwiri, chifukwa waya ameneyo ali ndi moto kuchokera konsekonse. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo pakhale labala. Msewu wa fumbi umagwedeza waya mpaka chitsulo chimadula chikopa chake, ndipo tsiku limenelo fyuzi ndi imene imasiyanitsa kuzima kwa firiji ndi kupsa kwa galimoto. Polumikizira camper ndi galimoto ikani pulagi ya Anderson ya 50A kuti muzitha kutsitsa camper popanda kudula waya. Ketulo yamagetsi iwaleni: ya mawati 2,000 imakoka ma amp oposa 160 pa batire la 12V. Madzi a tiyi ndi ntchito ya gasi. Kanthu kakang'ono komwe mudzandithokoze nako: ikani masoketi a USB anayi kapena asanu panja, pambali pa camper, okhala ndi fyuzi ndi switch yawoyawo. Magetsi a ESCOM akathima, kapena ngati kwanu sanafike, mudzi wonse udzabwera ndi mafoni. Ndi bwino azichajira panja kusiyana ndi kumatsegula camper ola lililonse.

Pogona. Camper zamtunduwu zimagoneka akuluakulu awiri pamwamba, basi. Simunanene misinkhu ya ana. Ngati ndi aang'ono, bolodi limodzi loyala pamwamba pa mabokosi m'bodi limasanduka bedi lawo, ndipo amakhala pansi panu penipeni, zomwe mayi angakonde. Ngati ndi okulirapo, tenti yapansi ya makilogalamu asanu ikwanira. Onani maneti a mawindo onse, ndipo pong'ambika sokani musananyamuke. Kuyambira kuchigwa cha Zambezi mpaka kunyanja ndi dziko la malungo, ndipo ana obadwira ku Gauteng matupi awo sawadziwa. Pitani nawo kuchipatala mukafunse za mankhwala oteteza ulendo usanayambe. Fani yaing'ono ya 12V pafupi ndi mutu imathandiza kuposa chilichonse chodula. Tukulani matiresi m'mawa uliwonse muone pansi pake. Pansi pa aluminiyamu pamachita thukuta usiku, ndipo matiresi akamakhala onyowa amachita chuku. Kaukonde kokhuthala koyala pansi pa matiresi kamathetsa zimenezi. Mukatseka denga tenti ili yonyowa, litseguleni pomwe mwaima dzuwa likangowala.

Chomwe simunalembe koma ndikanachiika pamwamba pa winch ndi awning, chinsalu cha mthunzi chotambasuka pambali. Ya madigiri 270, yozungulira mpaka kumbuyo, imalemera makilogalamu 25 kapena 30, koma m'dzinja ndiyo khitchini yanu, pabalaza panu ndi pobisalira ana. Mvula ikamagwa tsitsani ngodya imodzi kuti madzi azitsetsereka, apo ayi amadikha pamwamba mpaka mkono wa awning umapindika.

Khitchini zokoka zomwe amagulitsa m'mashopu a 4x4 anazipangira anthu okazinga mazira. Yesani kuvundula nsima ya anthu anayi pa kashelefu kolendewera pa njanji ziwiri: mthiko ukangolimba, poto akuvina, chitofu chikutsetsereka, shelefu ikulira. Gulani tebulo lachitsulo lopinda, la miyendo inayi yofika pansi, ndi chitofu cha gasi cha moto wamphamvu chokhala ndi chotchinga mphepo. Botolo la gasi la makilogalamu 3 limangidwe choimirira, panja pa camper. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya. Akadontha m'kati amadikha pansi pa bodi, pomwe pali mawaya ndi pomwe ana agona. Mabotolo a Cadac ali ndi pakamwa pakepake, ndiye nyamukani litadzaza ndipo tengani adaputa yodzazira. Ndipo ku Nyika kukazizira bwanji, mbaula kapena chitofu zisalowe m'camper yotseka. Mpweya wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso.

Thanki ya malita 100 ija isiyeni. Zigubu ziwiri za malita 20 kapena 25, zomangidwa ndi malamba kutsamira kabini, zikukwanirani. Simukupita ku chipululu cha Kgalagadi. Kwathu mijigo ili paliponse, ndipo chigubu mumapita nacho pa mjigo n'kukhala pamzere ngati wina aliyense, pomwe thanki yokhoma imafuna mpopi ndi paipi. Masiku omwe mwanyamula katundu wa abale, muyenda ndi chigubu chimodzi. Madzi akumwa thirani WaterGuard kapena wiritsani, ndipo a m'nyanja musasambitsire ana musanawiritse kapena kuwasunga masiku awiri, chifukwa cha likodzo. Shawa ya madzi otentha, poti ndinu wa mapaipi ndikudziwa kuti manja akukuyabwani, koma ndowa, ketulo ndi kapampu ka 12V zimagwira ntchito yomweyo.

Madilowa nawo ndi chimodzimodzi. Ndi okongola m'shopu, koma amadya makilogalamu 70 ndipo malo awo sabwereranso. Mabokosi apulasitiki otchedwa ammo box, osanjikizana pa kashelefu kopepuka ka aluminiyamu, amatsika mukafuna kukweza njinga. Firiji yokha ndi imene ikuyenera njanji yake yokokera. Pomanga shelefuyo gwiritsani mabawuti ndi ma rivet. Wowotcherera chitsulo mum'peza pa trading centre iliyonse, koma wa aluminiyamu mum'funafuna mpaka Lilongwe, pomwe rivet mumakhoma nokha pansi pa mtengo. Ngati pena pafunika kuwotcherera pa galimoto, yambani mwachotsa mawaya a mabatire onse awiri.

Fumbi lidzakudabwitsani. Mumatseka zonse bwinobwino, mumayenda makilomita 50 a msewu wa dothi, mukatsegula mupeza kafumbi kofiira pa pilo, m'mbale, mpaka m'kati mwa paketi ya shuga. Galimoto ikamayenda, kumbuyo kwake mpweya umazungulira ndi fumbi, ndipo m'kati mwa camper mumakhala ngati mukuyamwa. Fumbi limalowera m'mipata ya chitseko cha bodi ndi timabowo ta m'makona. Lowani m'kati masana, wina akutsekereni, ndipo paliponse pamene mukuona kuwala matanipo ndi labala kapena silikoni. Kenako ikani kawindo kakang'ono kolowetsa mpweya kutsogolo kwa camper, m'mwamba, koyang'ana komwe mukupita. Mpweya woyera ukamalowa pamenepo umakankha fumbi kuti lisalowe kumbuyo. Ena amachita manyazi kuboola camper yawo, koma palibe labala yomwe imagwira ntchito kuposa kabowo kameneko.

Matayala: khalani pa saizi ya fakitale. Ngati yanu ndi 265/65 R17, muipeza ku Harare, Tete, Lilongwe ndi Mzuzu, chifukwa Hilux ili paliponse. Tayala lalikulu limadya mafuta, limanamiza speedometer, ndipo likaphulika ku Rumphi mudikira la basi kuchokera ku Joni. Chofunika ndi nambala ya katundu yolembedwa pambali pa tayala: 112 ndi makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 120 ndi 1,400. Tengani all-terrain (ya pa tala ndi pa dothi pomwe) ya LT, kutanthauza ya magalimoto onyamula katundu, yokhala ndi m'mbali molimba, pampu yamagetsi yabwino, geji ndi zomatira pankchala. Galimoto yolemedwa imafuna mpweya wambiri kumbuyo pa tala. Pa dothi mumatsitsako pang'ono n'kuchepetsanso liwiro.

Bull bar ndi winch ine ndingazichotse pa mndandanda. Mbuzi, ng'ombe, njinga zopanda magetsi ndi malole owonongeka omwe chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo pamsewu, zonsezi mankhwala ake ndi kusayenda usiku, ndipo camper mwaigulira zomwezo, kuti dzuwa likamapendeka muime. Msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero ndi pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri a dothi, ndipo m'dzinja umaterera. Koma pamwamba pa Nyika malo ambiri ndi udzu wokhawokha. Winch muikoleka pa chiyani? Fosholo, lamba wokokera, mabolodi awiri opondapo matayala m'matope, ndi malo okokera olimba omangidwa pa chasisi. Musakokere pa mpira wa towbar, uja wokolekapo ngolo, umathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Funsani ku Rumphi mmene msewu ulili tsiku limenelo, ndipo mvula ikagwa usiku wonse, dikirani uume.

Pomwe ndingalolere kulemera kowonjezera ndi pa mafuta. Hilux yolemedwa, yokhala ndi camper yogunda mphepo, muziiwerengera malita 11 kapena 12 pa makilomita 100, kutanthauza makilomita 650 pa thanki. Mukudziwa mizere ya pa filling station yomwe yakhala ikubwerabwera ku Malawi kuyambira 2022, ndipo mafuta akasowa a MERA amaletsa kugulira m'zigubu popanda chilolezo. Thanki yowonjezera ya malita 60 yomangidwa pansi pa galimoto ilibe vuto limenelo, ndipo kulemera kwake kumakhala pansi. Ndi makilogalamu 50 a dizilo kuphatikiza thanki, ndiye muone ngati pepala la sikelo likulola. Dzazani ku Tete musanalowe ku Dedza, ndipo musakwere ku Nyika musanadzaze ku Mzuzu kapena ku Rumphi.

R60,000 yanu, ikadutsa pa firiji, lithium, charger, sola yopinda, awning ndi masipuling'i, sindikukhulupirira kuti itsala yambiri. Ngati matayala ali otha, iwo ayambe, sola idikire.

Pa boda, camper imakopa maso. A kasitomu adzafuna kuona m'kati, ndiye pakirani moti bokosi lililonse lizituluka popanda kutsitsa galimoto yonse padzuwa la pa Beitbridge. Lembani mndandanda wa zida za camper ndi manambala ake, firiji, batire, sola, n'kuzilembetsa kwa a SARS, a kasitomu a ku South Africa, potuluka kuti pobwerera asadzati mwagula kunja. Mphatso za abale zikhale pazokha ndi malisiti ake, chifukwa a MRA adzazifunsa padera. Galimoto ya nambala ya ku South Africa imalowa m'dziko lililonse ndi TIP, chilolezo cha kanthawi. Tengani pepala lenileni la umwini, ndipo ngati ikadali pa ngongole, kalata ya banki yololeza kutuluka nayo. Mozambique siili mu COMESA, bungwe la mayiko omwe amavomerezana inshulansi imodzi ya galimoto, ndiye inshulansi yake mugula payokha pa Cuchamano. Matirayango awiri, chozimitsira moto, jekete yonyezimira, sitika ya ZA, ndi zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo zomwe apolisi a ku Zimbabwe amayang'ana. Auzeninso a inshulansi anu kuti galimoto ili ndi camper, alembe. Ndipo yezani kutalika kwa galimoto yonse, mulembe nambalayo pa kapepala pafupi ndi chiwongolero; malo oimika magalimoto apansi pa ma mall ndi nthambi za mango za pakhomo pa mayi anu sizidziwa kuti mwakula.

Musanayambe ulendo waukulu, pitani Loweruka lina ku Dinokeng kapena ku Magaliesberg, kufupi ndi Pretoria, mutapakira ndendende ngati mukupita kumudzi, ndipo muikemo matumba atatu a simenti m'malo mwa katundu wa abale. Dutsani pa sikelo, yendani pa dothi, gonani usiku umodzi, mukabwerako mangitsaninso mabawuti onse ogwira camper pa bodi. Amamasuka ulendo woyamba, ndipo manati okhala ndi nayiloni m'kati ndi amene amagwira.

Chomaliza si cha zitsulo. Mukafika ku Nkhata Bay mudzapeza mayi anu anasesa chipinda sabata yatha, anachapa zofunda, mwina anagula neti yatsopano. Mukadzati "ife tigona m'galimoto," nkhani imeneyo idzakambidwa mpaka Pasaka. Gonani m'nyumba. Camper ipatseni ana anu ndi asuweni awo, omwe adzakhala atazungulira makwerero kuyambira pomwe mwazimitsa injini. Ingochotsani botolo la gasi, mutseke firiji ndi loko, ndipo muwauze kuti pamwamba azikwera atatu okha nthawi imodzi.